Kukatenga galimoto ku Dar es Salaam, kabuku ka Chiswahili kali m'thumba

Lamlungu, 21 Epulo 2024. Karonga

Tafika pa Karonga dzuwa litapendeka, miyendo itachita dzanzi. Ndili ndi alamu anga, amuna awo a achemwali, omwe agula kagalimoto ku Japan ndipo sitima yakatsitsa kale pa doko la Dar es Salaam. Woyendetsa ndi iwo. Ine ntchito yanga n'kuwacheza pobwera kuti asagone pa chiwongolero, komanso kuwalankhulira, poti kwathu amati ine ndiye ndimadziwa Chiswahili. Chiswahili chakecho ndi cha m'kabuku kanga ka chikuto chofiira ndi mavidiyo a pa YouTube. Moni ndimatha, kufunsa mtengo ndimatha, kunenerera ndiye bola.

Msewu wa M1 akuukonza, choncho malo ambiri timadutsa m'mbali, apa fumbi apo matope. Potsetsereka pa Chiweta ndinatseka maso. Nyanja inali pansipo, koma mabuleki a basi ankanunkha, ndipo mayi wina kumbuyo anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, anthu n'kuilandira.

Tagona pafupi ndi depoti. Mayi eni malowa ndi Ankhonde, ndipo atiphikira mpunga wa Kilombero ndi usipa. Ataona kabuku kanga pa tebulo anakatenga n'kumawerenga mokweza. Amalankhula Chinkhonde, Chitumbuka, Chiswahili ndi Chichewa chomwe iwo eni akuti n'chamumsika. Pa tsamba lina anapeza mawu atatu, nchi, taifa ndi dola, ndipo kutsogolo kwa onse atatu ndinalembako mawu amodzi, dziko. "Abambo, onsewa mwati dziko? Anthu a uko amakangana nazotu zimenezi." Nditawafunsa kusiyana kwake anaseka, amvekere iwo amangopita ku Kyela kukagula mafuta ophikira ndi zitenje, zinazo ndikafunse aphunzitsi.

Kunja kukutentha, udzudzu ukuimba m'makutu. Alamu akungowerenga ndalama mobwerezabwereza. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala chaka chatha, masamu awo onse a galimotoyi anasokonekera.

Lolemba, 22 Epulo. Kasumulu mpaka Mbeya

Kuchoka pa Karonga kufika pa boda ya Songwe ndi makilomita pafupifupi 45. Tinapanikizana mu Sienta, ine thumba la munthu wina la mpunga lili pamiyendo. Tisanatsike n'komwe, anyamata osintha ndalama anali atazungulira kale galimoto, mitolo ya mashilingi m'manja. Alamu anasankha mmodzi yemwe anawalozera dalaivala, ndipo tinawerenga tokha, pang'onopang'ono, osalola kuti ndalama ibwerere m'manja mwa mnyamatayo tikaiwerenga.

Mlatho tinawoloka wapansi. Mtsinje unali wofiira ndi matope a mvula ya kumapiri. Mtsinje umenewu ndiwo malire, koma sukhala malo amodzi. Ukasefukira umadula njira yatsopano, munda womwe unali ku Malawi n'kupezeka uli ku Tanzania, mwini wake ali yemweyo. Amayi osenza mabeseni ankapatsana moni wa "Ugonile" mbali zonse ziwiri, chifukwa Ankhonde a kwathu ndi Anyakyusa a tsidya lino amamvana bwinobwino popanda womasulira.

Pa windo la olowa ndi otuluka, mkulu wa yunifolomu anafunsa osadzutsa mutu, "Raia wa nchi gani?" Ndinayankha kuti Malawi, iye n'kudinda pasipoti, "Karibu, jirani." Ife sitifunika viza. Wotchi tinaikankha ndi ola limodzi kutsogolo. Palinso nthawi ya Chiswahili yomwe imayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, moti 7 koloko m'mawa iwo amati saa moja. Pogula tikiti muzifunsa kawiri.

Kosita ya ku Mbeya inatidya mashilingi 8,000 aliyense. Tisanafike pa mphambano ya Ibanda, bambo wina wa jekete yachikopa anamva tikulankhula n'kutembenuka. "Wanyasa!" Kuno Amalawi amatitchula choncho, ndipo nyanja amati Ziwa Nyasa. Anatambasula dzanja n'kulidula pakati ndi linzake, kutanthauza kuti theka la nyanja ya kumpotoyi ndi lawo. Alamu, omwe Chiswahili sachidziwa ngakhale pang'ono, izi anazimva. Anamuyankha m'Chingerezi kuti pangano la mu 1890 la Britain ndi Germany linaika malire m'mphepete mwa madzi ku mbali ya Tanzania. Bamboyo anati malire a pa nyanja amadutsa pakati kulikonse, azungu aja sanafunse msodzi wa ku Matema. Nkhani imeneyi inatentha mu 2012 Malawi itapereka zilolezo zofufuza mafuta m'nyanjamo, Joaquim Chissano ndi anzake n'kuyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma mpaka lero sinathe. Ife mukosita muja sitinaimalizenso. Titafika pa Tukuyu bamboyo anatulutsa mutu pawindo, n'kugula mkoko wa nthochi ndi mapeyala awiri akuluakulu, n'kutipatsa. Ndalama anakana.

Tukuyu ndi kozizira, chifunga chili thoo m'minda ya tiyi ndi nthochi. Ndinkawerenga zikwangwani za masukulu ndi zipatala. Zambiri zimayamba ndi Jamhuri ya Muungano wa Tanzania, kenako mkoa, kenako wilaya. Mikoa ilipo 31, ndipo wilaya ndi ngati boma la Karonga kapena la Dowa kwathu. Ndinaona kuti mawu athu oti boma amanyamula katundu wambiri: boma la Malawi, boma la Dowa, kupita pa boma kukagula feteleza.

Ku Mbeya tapeza chipinda cha mashilingi 20,000 pafupi ndi siteji. Chakudya chamadzulo chinali chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, pa 3,000. Tikiti ya ku Dar ndi 55,000, kunyamuka saa kumi na mbili alfajiri, yomwe ndi 6 koloko m'mawa. Ndagona ndi juzi.

Lachiwiri, 23 Epulo. M'basi tsiku lonse

Makilomita oposa 800. Alamu anagona tisanadutse n'komwe pa Uyole. Pa Makambako, pomwe mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, panakwera bambo wachikulire wa imvi, nyuzipepala m'khwapa, n'kukhala pambali panga. Ndinati "Shikamoo, mzee," iwo "Marahaba," n'kundiyang'anitsitsa chifukwa cha kalankhulidwe. Ndi mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Njombe, akupita kwa mwana wawo ku Morogoro kukaonetsa maso kuchipatala. Nditangotulutsa kabuku, uphunzitsi unawabwerera pomwepo. Anandilanda cholembera.

Tinkasakaniza Chingerezi ndi Chiswahili. Nchi sanataye nayo nthawi. Analoza pawindo nkhalango ya paini ya Sao Hill kufupi ndi Mafinga, n'kunena kuti nthaka iyi, mapiri awa, malire ake, chilichonse chomwe mungajambule pa mapu. Pa taifa ndi pomwe anakhazikika. Taifa ndi anthu, koma si mtundu wa makolo ayi. Mtundu wa makolo ndi kabila, ndipo makabila ku Tanzania alipo oposa 120. "Kabila langa ndine Mbena, taifa langa ndine Mtanzania." N'chifukwa chake timu ya mpira ndi Taifa Stars, chitupa cha unzika ndi Kitambulisho cha Taifa, Julius Nyerere ndi Baba wa Taifa, ndipo bungwe la maiko onse lija ndi Umoja wa Mataifa.

Chomwe ankafuna kuti ndimvetse n'chakuti taifa limeneli silinamere lokha, linachita kumangidwa, ndipo iwo anali pakati pomwe likumangidwa. Tanganyika, yomwe lero ndi mbali ya kumtunda ya Tanzania, italandira ufulu pa 9 Disembala 1961, sipanapite nthawi, mu 1963 mafumu analandidwa mphamvu zawo za ulamuliro. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa Jeshi la Kujenga Taifa, komwe achinyamata ochokera konsekonse ankagona msasa umodzi, kulima ndi kuguba limodzi. Ku pulayimale maphunziro anakhala a m'Chiswahili, ndipo mu 1967 kunabwera bungwe losamala chiyankhulochi, Baraza la Kiswahili la Taifa. Mwana wokhoza mayeso ankatumizidwa ku sekondale yakutali ndi kwawo. Iwo anaphunzira ku Tabora, ntchito n'kukayambira ku Mtwara, komwe anapezanso mkazi.

Kenako, ndi mawu omwewo osakweza osatsitsa, anati ana awo Chibena amangomva koma sayankha, adzukulu ndiye sachidziwa n'komwe. Anatinso mu 1974 makolo awo anasamutsidwa mokakamiza kupita ku mudzi wa ujamaa, umodzi mwa midzi yomwe boma linakhazikitsa kuti anthu azikhala ndi kulima pamodzi, n'kusiya nyumba ndi manda a makolo. Sanadandaule, sanayamikirenso. Anangoti zonsezo zinali mtengo wake.

Ine ndinakhala chete kwa kanthawi, ndikuganiza za kwathu. Mu 1968 Kamuzu anakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Cholinga mwina chinali chofanana, koma panali kusiyana kumodzi kwakukulu. Nyerere anali Mzanaki wa ku Butiama, kamtundu kakang'ono, ndipo Chiswahili sichinali chiyankhulo cha mtundu wake. Kamuzu anali Mchewa, ndipo anthu a kumpoto anaziona choncho. Ine Mchewa wa ku Dowa ndinakula osaziganizira zimenezi, poti chiyankhulo cha pa wailesi chinali chomwecho cha amayi anga. Nditawauza mzee aja kuti kwathu mafumu akadaweruzabe milandu ya malo, amalandira mswahala ku boma, ndipo pa Umthetho kapena Mulhako atsogoleri a ndale amalimbirana mipando ya kutsogolo, anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndikunena zoona.

Titadutsa Iringa tinafika pa Kitonga. Chiweta ndi mwana. Msewu ukukhotakhota m'mbali mwa phiri, malole a mafuta akukwawa, phompho lili apa, anyani atakhala m'mphepete kudikira chogwa pawindo. Tinaona lole imodzi itagona chammbali. Ndinagwira mpando wakutsogolo mpaka zala kupweteka, mzee ali phee kuwerenga nyuzipepala. Kumunsi ndi chigwa cha milambe yosawerengeka, ndipo pa Ruaha Mbuyuni anyamata amathamangira basi ndi zidebe za anyezi. Poima kuti anthu adzithandize, kondakitala amati "kuchimba dawa," kukumba mankhwala. Mpunga wa nyama pa malo odyera unali 6,000, ndipo anatipatsa mphindi khumi zokha, ndiye ndinamalizira m'basi.

Msewu umadutsa m'kati mwa Hifadhi ya Taifa ya Mikumi. Tinaona nyamalikiti ndi mbidzi osalipira kalikonse. M'mbali muli zikwangwani za chindapusa chomwe umalipira ukagunda nyama, cholembedwa m'madola a ku America. Mzee analoza chimodzi. "Dola iyo ndi ya Marekani. Imene mwalemba m'kabukumo ndi ina." Dola inayo, anatero, ndi mphamvu yolamulira, yomwe ili ndi mizati itatu: Serikali, Bunge ndi Mahakama, kutanthauza nduna ndi pulezidenti, nyumba ya malamulo, ndi makhoti. Apolisi, asilikali ndi a ndende amatchedwa vyombo vya dola, zida zake za mphamvuyo. Wapolisi wovala zoyera yemwe anatiimitsa pa Mikumi kudzayang'ana liwiro la basi, ameneyo ndiye dola yomwe munthu wamba amakumana nayo. Ngakhale bungwe la Commonwealth, lomwe Malawi ndi Tanzania onse alimo, iwo amati Jumuiya ya Madola. Serikali imasintha ndi zisankho, anatero, dola imatsala. Apa anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu, amvekere kwawo kuno n'kovuta kuona kusiyanako, poti chipani cha CCM chakhala chikulamula chikhazikitsidwireni mu 1977, ndipo chisanabwere icho kunali TANU, mayi wake.

Anatsikira pa Msamvu ku Morogoro, n'kundisiyira nyuzipepala yawo kuti ndizikaphunzirirapo. Tinafika pa siteji ya Magufuli ku Mbezi usiku kwambiri, mvula ikukhuthuka. Ndatopa moti sindikufuna n'kusamba komwe.

Lachitatu, 24 Epulo. Dar es Salaam

Tsiku lodikira. Mnyamata wotiyendetsera mapepala anati tikumane m'mawa kufupi ndi doko, anabwera masana. Akuti galimoto ilipo, koma pali pepala lina lomwe silinatuluke. Alamu anamuonetsa malisiti onse, iye n'kumangoti "Kesho, kesho," mawa.

Mvula ya chaka chino yavuta kuno. Pa Jangwani madzi anadzaza mumsewu, ndipo tinayenda wapansi mtunda wautali, nsapato zili m'manja. Ku Kariakoo anthu anali pikitipikiti chimodzimodzi, matope kapena ayi. Tinabisala mvula pa kakhumbi ka mayi wina wophika, omwe kuno amati mama ntilie. Mpunga wa nyemba ndi masamba 2,500, tiyi wa mkaka 500. Ataona alamu akunjenjemera, mayiyo anawaonjezera tiyi osawalipiritsa, n'kuwafunditsa kanga yake. Anyamata awiri pa benchi ankanyozana za mpira. Wa Yanga ankangotambasula zala zisanu pamaso pa wa Simba, kukumbutsa 5 kwa 1 wa mu Novembala. Nditatchula Taifa Stars, yomwe mu Januwale inalepherana ndi Zambia 1 kwa 1 pa mpikisano wa AFCON ku Ivory Coast n'kutuluka m'ndime yoyamba, onse awiri anagwirizana kuinyoza.

Mlonda wa pa malo omwe tikugona ndi wa ku Nkhata Bay. Anatimva tikulankhula pa khonde, n'kudikira mpaka anthu atachepa kuti adzatipatse moni. "Achimwene, kunyumba kuli bwanji?" Wakhala kuno zaka zambiri, Chiswahili chake simungamusiyanitse ndi mwini dziko, mkazi wake ndi wa konkuno. Koma akuti pa pepala iye si raia, ndi mhamiaji, wobwera. Anatikumbutsa za mu 2013, pomwe boma la kuno linachita Operesheni Kimbunga yosaka anthu opanda zikalata, Amalawi ambiri ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa n'kubwerera kwawo ndi zikwama zokha. Iye anapulumuka, koma mpaka lero akaona galimoto ya a Uhamiaji, oona za olowa ndi otuluka, mtima umagunda. Alamu anamupatsa paketi ya tiyi wa Chombe yomwe achemwali anatiikira m'chikwama.

Lachinayi, 25 Epulo. Pa boti

"Kesho" uja wasanduka Lolemba, chifukwa mawa ndi holide ya Muungano, tsiku lokumbukira kuphatikizana kwa Tanganyika ndi Zanzibar, kenako Loweruka ndi Lamlungu. Alamu akwiya ndipo akuti sasuntha, akhala pafupi ndi galimoto yawo. Ine ndinawerenga kandalama kanga n'kuona kuti kakwana kupita ku Zanzibar. Mlendo amalipira madola 35 pa boti, nzika ndi okhala konkuno amalipira yocheperapo m'mashilingi. Panja pa ofesi ya matikiti pali anyamata ambiri okoka anthu malaya. Ndinalowa m'kati osayankha aliyense.

Ndinali ndi mantha, ndisaname. Ndikukumbukira nkhani ya sitima ya Spice Islander yomwe inamira mu Seputembala 2011 pakati pa Unguja ndi Pemba, zilumba ziwiri zazikulu za Zanzibar, anthu ambiri n'kufa. Boti la lero ndi lamakono, koma nyanja inali yolusa, ndipo anagawa timapepala ta pulasitiki tosanziramo boti lisananyamuke. Maola awiri. Mayi wina wovala buibui anandipatsa kachidutswa ka jinja kuti ndizitafuna, ndipo kanathandiza.

Potsika, nzika zinalowera khomo lina, ife alendo khomo lina. Anatipatsa kafomu, n'kuonanso mapasipoti, ngakhale chidindo cha pa Kasumulu chinali momwemo. Pa denga la ofesiyo pali mbendera ziwiri, ya Tanzania ndi ya Zanzibar. Magalimoto ali ndi manambala oyamba ndi Z.

Lachisanu, 26 Epulo. Unguja

Lero Muungano wakwanitsa zaka 60. Ndinagona kuseri kwa msika wa Darajani, mbali yomwe amati Ng'ambo, komwe zipinda n'zotsikirako mtengo. M'mawa ndinayenda mpaka pa Michenzani, pa nyumba zazitali zosanjikizana zomwe zinamangidwa nthawi ya Abeid Karume, pulezidenti woyamba wa Zanzibar. Pa khonde lina panali abambo atakhala mozungulira ketulo ya khofi, TV yaing'ono ikuonetsa asilikali akuguba ku Dar es Salaam. Khofi wake ndi wowawa, wa m'tikapu ting'onoting'ono, mashilingi 200, womwera kashata. Ndinapereka moni kwa wamkulu wa onse, wovala kanzu yoyera ndi kofia, ndipo anandisunthira malo.

Atamva kuti ndine wa ku Malawi ndipo ndikuphunzira Chiswahili, anati ndafika pa gwero pake, cha ku Dar n'chosweka. Ndiye ndinafunsa funso langa, ndikuganiza za mbendera ziwiri zija: "Mzee, Zanzibar ni nchi?" Wothira khofi anasiya ketulo.

Wa kanzu anayankha kuti inde, ndipo anayamba kuwerenga ndi zala. Zanzibar inalandira ufulu pa 10 Disembala 1963, inali ndi mpando wakewake ku Umoja wa Mataifa. Pa 12 Januwale 1964 kunachitika Mapinduzi, ndiye kuti kuukira ndi kulanda boma, Sultani yemwe ankalamulira n'kuthawa. Pa 26 Epulo chaka chomwecho Karume ndi Nyerere anaphatikiza maiko awiriwa, ndipo dzina loti Tanzania linabwera pambuyo, mu Okutobala. Mpaka lero zilumbazi zili ndi pulezidenti wake, Hussein Mwinyi, boma lake lotchedwa Serikali ya Mapinduzi, nyumba yake ya malamulo yotchedwa Baraza la Wawakilishi, makhoti ake ndi katiba yake, ndiye kuti malamulo aakulu oyendetsera dziko. Mu 2008 nduna yaikulu Mizengo Pinda inanena m'nyumba ya malamulo ku Dodoma kuti Zanzibar si nchi, ndipo kuno kunavuta. Mu 2010 anasintha katiba ya Zanzibar, n'kulembamo poyambirira penipeni kuti Zanzibar ni nchi.

Bambo wina wocheperapo msinkhu, wogulitsa zida za njinga zamoto, wochokera ku Tanga kumtunda, anadula. Katiba ya Muungano ya 1977 nayo imayamba ndi mawu oti Tanzania ni nchi moja. Tsono iwiri yonseyi ikhala bwanji yoona? Anakumbutsanso kuti mu 2000 khoti la apilo, poweruza mlandu wa anthu a chipani cha CUF omwe ankaimbidwa mlandu woukira boma la Zanzibar, linati mlandu wotere sungachitike chifukwa mphamvu zonse za dziko loima palokha zili m'manja mwa Muungano. Asilikali, apolisi, ndalama, pasipoti, ubale ndi maiko akunja, zonse ndi za Muungano. "Ndiye muli ndi nchi, mzee, koma dola mulibe." Wa kanzu sanakane. Anati apo ndiye pali bala. Nkhani za Muungano poyamba zinali 11, pano zafika 22, ndipo chilichonse chowonjezedwacho chinachoka m'manja mwa Zanzibar.

Wa ku Tanga nayenso anali ndi dandaulo lake. Mzanzibari angathe kukhala pulezidenti wa Tanzania yense, ngati Samia Suluhu Hassan pano ndi Ali Hassan Mwinyi kale, koma iye sangavotere pulezidenti wa Zanzibar ngati munthu wa kumtunda. Ndipo Tanganyika ili kuti? Ilibe boma lake, ilibe mbendera, dzina lenilenilo linasowa, amangoti Tanzania Bara. Komishoni ya Joseph Warioba mu 2013 inati pakhale maboma atatu, la Zanzibar, la Tanganyika ndi la Muungano, koma ganizolo linafera m'njira. Mnyamata wina wa jezi ya Simba anati ngakhale pa mpira zili chomwecho: timu ya Zanzibar Heroes imasewera mu CECAFA, mpikisano wa maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, mu 2017 bungwe la CAF linailandira kenako patangopita miyezi yochepa n'kusintha maganizo, ndipo FIFA ndiye siifuna n'kumva.

Za taifa palibe yemwe anafulumira kuyankha. Wa kanzu anati iye ndi Mzanzibari poyamba. Mnyamata wa jezi anati akapita ku Oman kukasaka ntchito amakhala Mtanzania, akabwera amakhala wa ku Pemba. Nkhani itayandikira kwa anthu omwe anaphedwa m'masiku a Mapinduzi, Aluya ndi Amwenye ambiri, mkulu wina yemwe anali chete nthawi yonseyi anaitanitsa khofi wina mokweza, ndipo anthu anasintha nkhani.

Anandifunsa ngati kwathu kuli zoterezi. Ndinawauza m'Chiswahili changa chopunduka kuti ife tinali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953, tinachikana mpaka chinatha pa 31 Disembala 1963, miyezi inayi yokha iwo asanalowe mu mgwirizano wawo. Wa kanzu anawomba m'manja, wa ku Tanga n'kumati si zofanana, chitaganya chathu chinali cha azungu, chawo anapangana Aafirika okhaokha. Apa ndikuona kuti wa ku Tanga ananena zoona. Koma pa funso langa lija ndikupendekera kwa wa kanzu. Malo omwe ali ndi malire ake, malamulo ake ndi anthu okumbukira kuti anali paokha, n'kovuta kuwauza kuti si nchi chifukwa choti alibe asilikali.

Itakwana nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu a Lachisanu, onse ananyamuka, masitolo n'kutsekedwa. Khofi wanga anali atalipira kale wa ku Tanga. Masana ndinadya urojo, msuzi wowawasa wa mango wothiramo mbatata, bajiya ndi dzira, pa 2,000. M'mimba mwakhala bwino mpaka pano.

Lolemba, 29 Epulo. Mikumi

Ndinabwerera ku Dar Loweruka, nyanja itadekha. Alamu ndinawapeza ataphunzira mawu awiri, kesho ndi subiri, mawa ndi dikira, ndipo onse awiri amawatchula mokwiya.

Galimoto yatuluka lero cha m'ma 11 koloko. Ndi yoyera, ili ndi kachikwangwani ka IT kosonyeza kuti ikungodutsa, ndipo wailesi yake ikulankhula Chijapani chomwe palibe akudziwa kuchitseka. Pa mapepala alembapo kuti titulukire pa Kasumulu, ndi masiku oti tikhale titatuluka. Mlonda wa ku Nkhata Bay watipatsira kathumba ka zovala za ana koti tikasiye kwa mlongo wake ku Mzuzu.

Kuchoka ku Dar mpaka Chalinze ndi malole okhaokha. Mudzi uliwonse uli ndi chikwangwani cha 50, ndipo apolisi amabisala ndi kamera yoyezera liwiro yomwe madalaivala amati tochi. Chindapusa ndi 30,000, ndiye ntchito yanga yakhala yowerenga zikwangwani n'kumakuwa "fifite, alamu!" Atiimitsa kangapo, aona mapepala, atilola. Nkhalango ya Mikumi tinadutsa kusanade, alamu atagwira chiwongolero ndi manja awiri poopa kugunda nyama ya madola.

Tagona m'tauni ya Mikumi, chipinda 25,000, galimoto taiimika pansi pa windo lathu. Mawa tikwera Kitonga m'mamawa malole asanachuluke, ndipo tikufuna kukagona ku Tukuyu kapena pa boda pomwe. Alamu ali pa foni ndi achemwali, akuwerengetsera msonkho wa pa Songwe, ndipo zikumveka kuti ndalama yaperewera. Akuti mwina tidikira pa boda mpaka malipiro a mwezi uno alowe.